Nkhanu Yatha Mano

9 Febuluwale

Amake Kachiwala,

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa nditawerama m'mimba mwa Nkhanu, manja onse ali girizi. Kapitawo anaima pakhomo la galaja atavula chipewa. Kapitawo wathu savulira munthu chipewa, ndiye ndinadziwa ndisanafike ku ofesi kumene kuli foni. Anali alamu, achimwene anu. Anati, "Alamu, limbani mtima. Mwana watisiya dzulo. Tiika lero masana." Ine ndinafunsa kuti mwana uti, ngati kuti tili ndi ana khumi. Foni ya bwana ndinaidetsa ndi girizi, ndipo ndinaima pomwepo kumaipukuta ndi malaya mpaka kapitawo anandilanda.

Moni ndam'chedwetsa, mundikhululukire. Sindikufunsani kuti muli bwanji. Ine thupi lili bwino, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Ndaimba kanayi pa foni ya alamu, akuti simukufuna kulankhula. Sindikukuimbani mlandu. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole imene imabweretsa chakudya cha ng'ombe, akaponya ku positi.

Muzifunsa kuti bwanji sindili panjira. Ndifotokoze, ngakhale ndikudziwa kuti lero simungamve za zitsulo. Nkhanu ndi kagalimoto ka matayala asanu ndi limodzi, atatu uku atatu uku, kopanda denga, kopanda chiwongolero, kooneka ngati bafa lalikulu. Kamayenda m'matope, kakafika pamadzi kamayandama. Ng'ombe za pafamu pano zili kutsidya kwa dambo, ndipo mvula ikayamba palibe thirakitala imene imaoloka. Mchere, mankhwala ndi chakudya cha abusa, zonse zimapita pa Nkhanu. Pansi pa mpando pake pali matcheni onga a njinga koma onenepa, ndipo chimene chimakoka tcheni ndi gudumu lachitsulo la mano, timati sipuroketi. Ya kumanzere yatha mano. Asongoka n'kupindika ngati minga, tcheni chikungolumpha pamwamba pake. Pafamu ponse pano wodziwa kutsegula Nkhanu ndine ndekha.

Ndinapita kwa bwana tsiku lomwelo. Timamutcha Bwana Mawa, dzinalo mulimva nokha. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pepa kwambiri. Koma akuika lero, si choncho? Ngakhale utauluka sungapeze kanthu. Konza Nkhanu, ukatero ndikupatsa mwezi wathunthu." Pasipoti yanga ili m'kabati yake yachitsulo pamodzi ndi za anzanga onse. Amati amatisungira kuti zisanyowe.

Sipuroketi yatsopano aitanitsa, akuti masiku khumi. Kuimanga ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Ndalama ndatumiza kudzera kwa alamu. Mupatseko amayi oyandikana nafe aja, ndamva kuti ndi amene anakuthandizani kuchipatala. Mabuku amene ndinkamutumizira musawagawe, chonde. Muwasiye mmene anawasiyira.

Mundiuze, anadwala masiku angati? Kodi ananditchula?

Mwamuna wanu

21 Febuluwale

Amake Kachiwala,

Ndikupereka moni. Ine ndadzuka, ndikudya, ndikugwira ntchito. Ndawerenga mabuku ambiri onena za anthu oferedwa, koma palibe limene linandichenjeza kuti munthu amamvabe njala nthawi yake ikakwana.

Kalata yanu ndalandira dzulo. Ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Mwati anadwala masiku atatu. Mwati sananditchule chifukwa sankalankhula. Mwati munamunyamula nokha. Ndipo mwati nyumba ija simungakhalemo nokha, makiyi mubweza kwa eni ake pa 31 Malichi. Ndikabwera tsikulo lisanafike tikafuna nyumba ina limodzi, ndikapanda kubwera mupita kwa achimwene anu ndipo ndisakutsateni.

Ndamva. Sindikutsutsa liwu ngakhale limodzi. Ndibwera.

Pali chimene ndiyenera kuulula, kuti musamatukwane bwana yekha. Mu Okutobala ndinaona kuti mano aja ayamba kutha. Mmisiri weniweni akanalemba pepala kuti gulani yatsopano, kunja kudakali dzuwa, Nkhanu ikungokhala. Ine ndinachita zimene timachita ife ophunzirira ntchito pa umphawi. Ndinaizula n'kuitembenuza, kuti tcheni chizidya mbali ina ya mano imene inali isanathe. Bwana anaitana anthu kuti adzaone. Anati, "Uyu ndiye mmisiri, sandithera ndalama." Ndinadzitukumula ngati finye. Pa chimwemwe chomwecho anandipempha kuti tchuthi changa cha Novembala ndichisunthe mpaka mvula itatha, ndipo ndinavomera ndikumwetulira. Inu ndinakulemberani kuti andikaniza. Sanandikanize. Ndikanabwera mu Novembala bwenzi nditamuona ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amene ndimamukumbukira ndi wa zaka zisanu ndi ziwiri, wa mano agweruka, wolumpha pakhomo mpaka tinam'patsa dzina lija la Kachiwala.

Masiku khumi aja akwana, sipuroketi sinafike. Akuti ikuchokera kutali, pano sapanga.

Dzina limene ndalemba pamwambali, ngati likukupwetekani mundiuze. Ndayesa kulemba lina, dzanja lakana.

Mwamuna wanu

3 Malichi

Amake Kachiwala,

Moni. Ndikhulupirira kuti mukudya ngakhale pang'ono. Kuno mvula sikudula, ndili ndi kachifuwa koma si kanthu.

Kuti ndisadzataye nthawi, yakale ija ndaichotseratu. Ndinakweza Nkhanu pa jeke, ndinaika zipika, ndinachotsa mpando ndi thabwa la pansi, n'kumasula tcheni pa kolumikizira kake. Sipuroketi inakana kutuluka. Dzimbiri linaigwira ngati inabadwira pomwepo. Masiku awiri ndinkangothira mafuta, lachitatu ndinaiwamba ndi moto wa gasi n'kuikoka ndi chozulira mpaka inati khwa! Ndayeretsa malo ake, akungodikira.

Amene amayendetsa Nkhanu ndi mdala wina, timawatcha a Mpondamatope. Apitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, mwendo umodzi ndi wouma. Masiku ano mchere akusenza pamutu pamodzi ndi abusa, madzi akulekeza m'chifuwa. Dzulo anabwera m'galaja ali chinyowere, anatola sipuroketi yakale ija n'kuiyang'anitsitsa.

"Aphunzitsi," amanditchula choncho chifukwa cha mabuku, "izi ndi nkhama zanga ndendende. Mukamakaitaya mundinyamule limodzi."

Ndinaseka koyamba chichokereni tsiku lija, ndipo kusekako kunasanduka zina. Mdalayo anangokhala pa ndowa n'kumapota fodya mpaka nditatha. Kenako anati iwo ana awiri anawamwalira ali pafamu pano, ndipo onse awiri sanakaike. Ndinafunsa za akazi awo.

"Alipo," anatero. "Ndikapita amandiphikira. Koma moni wake amandipatsa ngati ndine wa boma wobwera kudzawerenga anthu."

Pali vuto lina. Tcheni ndinachiyala pa benchi n'kuchiyeza ndi tepi. Chatalika kuposa muyeso wake ndi chala chathunthu. Tcheni ndi sipuroketi zimakalamba limodzi, china chimadya chinzake mpaka zizolowerane. Ukasintha chimodzi chokha, chakalecho sichikhala m'mano atsopano, chimakwera pamwamba. Ndinatenga buku la Nkhanu kupita nalo ku ofesi, n'kumuwerengera bwana pamene analemba zimenezi. Anati, "Tcheni chaduka?" Ndinati ayi. Anati, "Chosaduka sitigula. Iwe si uja unatembenuza sipuroketi? Chita matsenga ako aja."

Ngati eni nyumba ayamba kubweretsa anthu odzaona zipinda, muwauze kuti mwezi sunathe.

Mwamuna wanu

12 Malichi

Amake Kachiwala,

Moni. Chifuwa chija chatha. Kalata ino muiwerenge mpaka pomaliza musanaing'ambe.

Sipuroketi inafika Lolemba, yokha, yopanda tcheni. Yonyezimira, mano ake ngati a mwana. Ndinaipaka girizi, ndinailowetsa, ndinaiwongola ndi lula kuti ikhale mzere umodzi ndi inzake, n'kumanga mabawuti. Pofika masana inali itakhala. Ndinakolowekapo tcheni chakale chija, chinangolendewera ngati mkanda.

Kapitawo anati, "Aphunzitsi, mabuku akupusitsani. Dulani mfundo imodzi, chikungike, bwana aone matayala akuzungulira, inu muzipita. Zikadzaduka mudzakhala muli kwanu."

A Mpondamatope nawo anati, "Mverani kapitawo, lero lokha walankhula zanzeru. Ine musandiganizire. Ndine tcheni chakale inenso, tikamvana."

Ndinadula. Mumve bwino pamenepa, chifukwa ndikufuna mudziwe kuti ndinakusankhani. Ndinadula mfundo, ndinakunga tcheni, ndinaliza injini. Pabwalo Nkhanu inazungulira bwinobwino. Bwana anatuluka, anaomba m'manja, analowa mu ofesi n'kutulutsa pasipoti yanga. Anaiika patebulo nati ndidzaitenge Lachisanu, tsiku la lole. Ndinaiona ndi maso angawa, chikuto chake chopindika pakona paja munathirapo tiyi.

Lachiwiri m'mawa ndinati ndiiyese ndi katundu. Ndinakweza matumba asanu ndi limodzi a mchere n'kupita nayo ku chitsikiro cha dambo. Malo amenewa ndi otsetsereka kwambiri, pansi pake pali madzi akuya kuposa munthu. Nditangoyamba kutsika ndinamva kuti kha, kha, kha, pansi pa mpando. Munthu wina sangamve, injini imasokosa. Ine ndinamva, ndi mafupa omwe. Ndinaima, ndinatukula thabwa. Tcheni chinali chitakwera pansonga pa mano, chitakungika ngati nsambo ya gitala.

Nkhanu siili ngati galimoto zina. Mabuleki ake amadutsa m'tcheni chomwecho. Chikaduka, mbali imeneyo ilibenso mphamvu, ilibenso mabuleki, pamene mbali inayo ikukankhabe. Pabwalo ingangozungulira anthu n'kuseka. Pachitsikiro paja ingapotoloke n'kugubuduka, mdala wa mwendo wouma ali pansi, matumba ali pamwamba. Mwina sabata ino, mwina mwezi wamawa, mwina osachitika n'komwe. Koma amatsika pamenepo kawiri pa tsiku.

Ndinakhala pa tayala nthawi yaitali. Ndinaganiza zongomuuza mdalayo kuti azitsika pang'onopang'ono. Ndinaganiza zongokhala chete, pakuti palibe amene anamva. Ndiye ndinaganiza za foni ija ya mu ofesi, ikulira kwa mayi wina amene sindinamuonepo, akazi a mdalayo.

Ndinabwerera chafutambuyo, ndinachotsa tcheni, n'kukachiika patebulo la bwana. Ndinati sinathe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, "Dzulo imayenda." Ndinati dzulo ndinanama. Sanakalipe. Anatenga pasipoti, anaibwezera m'kabati, anakhoma.

A Mpondamatope sakundilankhula. Atamva anabwera pakhomo la galaja n'kunena kuti, "Ndani anakutumani kuti mundisunge? Chitsiru cha mabuku!" Basi, anapita kukasenza mchere.

Tcheni aitanitsa tsopano. Akuti masiku khumi.

Mwamuna wanu

20 Malichi

Amake Kachiwala,

Moni. Ndili bwino.

Ndalankhula ndi alamu lero. Akuti kalata ija munawerenga yonse, ndikuthokoza. Akuti munangonena mawu awiri: wasankha chitsulo.

Sindikufuna kukangana nanu, mulibe mphamvu zoterozo ndipo inenso ndilibe. Koma chitsulo ndikanachisiya. Chikanaduka chokha pakati pa dambo, bwana n'kulira ndalama zake, ine ndikanagona tulo. Ndi munthu amene amakhala pampando paja. Mwina munena kuti inunso ndinu munthu, ndipo mwana wathu anali munthu, nanga bwanji chifundo changa chimagwera a kutali okhaokha. Ndakhala ndikudzifunsa chomwecho. Zaka zitatu ndakhala munthu wabwino kwa bwana, kwa kapitawo, kwa ng'ombe, ndipo ubwino wonsewo amene amaulipira ndinu.

Ndinaona pepala loitanitsira tcheni. Mtengo wake ndi wofanana ndi matumba anayi a chakudya cha agalu a bwana. Agaluwo ndi atatu, matumba anayi amatha mwezi umodzi.

Ndinapempha kuti andipatse pasipoti ndibwere kwa sabata imodzi yokha, tcheni chikafika ndidzakhala nditabwerako. Anati, "Amene amapita ndi chisoni sabwerako." Kapitawo akuti pali njira yotulukira popanda pasipoti, amadziwa munthu. Chaka chatha mnzathu wina wa ku makola anadzera njira imeneyo. Kwawo mpaka lero amatiimbira kufunsa ngati tamvako kanthu. Za zimenezi ndidzakuuzani pamaso.

Ndikupemphani masabata awiri okha pamwamba pa tsiku lija. Ndatumiza ndalama za nyumba za mwezi wa Epulo. Ngati simungagonemo, kagoneni kwa amayi oyandikana nafe, koma makiyi musabweze. Sindinakupempheni zambiri chikwatiranireni. Ayi, ndanama, ndakupemphani kudikira kokhakokha. Ndikupemphanso.

Mwamuna wanu

2 Epulo

Amake Kachiwala,

Moni. Mwezi watha. Tcheni sichinafike, akuti chinapita ku famu ina molakwitsa. Foni ya alamu ikungoitana osayankhidwa. Mvula yasiya, patha masiku asanu ndi atatu kunja kuli ngwee.

Mundilembere ngakhale mzere umodzi.

Mwamuna wanu

14 Epulo

Amake Kachiwala,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi onse a pakhomo pamene muli. Kalata ino ndalembera ku adiresi ya alamu. Ine ndili bwino.

Lole ya Lachisanu inabweretsa zinthu ziwiri, tcheni ndi kalata ya alamu. Ndinayamba kutsegula kalata. Alemba mwaulemu. Akuti munadikira mpaka madzulo a pa 31, kenako munabweza makiyi, ndipo m'nyumba muja mwalowa kale banja lina. Ndalama za Epulo akuti azisunga, ndikatenge. Akuti mawu anu aja sanasinthe.

Tcheni ndinachimanga Loweruka m'mawa. Sichinanditengere ngakhale maola awiri. Chinakhala m'mano ngati dzanja m'dzanja linzake. Ndinakweza matumba asanu ndi atatu, ndinatsika nayo pachitsikiro paja katatu, osamva kanthu koma injini. Chibwerereni kuno sindinagwirepo ntchito yabwino choncho.

Ndinapita kukauza bwana. Anali akumwa khofi pakhonde. Anati, "Wachita bwino. Kailowetse m'shedi, uifunditse lona." Ndinati bwanji. Anati, "Dambo lauma. Thirakitala yayamba kuoloka sabata yatha, sunaione? Nkhanu tidzaifuna mu Disembala." Ndinaiona, ndithu. Masiku onsewa imadutsa pakhomo la galaja, a Mpondamatope atakhala pa ngolo yake miyendo ili lende. Ndinkangoganiza kuti munthu akati konza kaye, ndiye kuti akufuna chinthucho. Pasipoti anatuma kapitawo kuti andipatsire, iye sanadzuke n'komwe. Ndikanapempha sabata yatha, mwina akanandipatsa. Mwina ayi. Sindidzadziwa.

A Mpondamatope anandithandiza kukoka lona. Titamanga zingwe anati, "Chikhala mpaka liti tcheni chimenechi?" Ndinati zaka zinayi, akamathira mafuta. Anati, "Ndiye chidzandiika ine." Anandipatsa dzanja, koma sanati zikomo, ndipo ndinakondwa kuti sanatero.

Mwati ndisakutsateni, sindikutsatani. Sindidzafika pakhomo pa alamu pokhapokha mutandiitana. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo si kudikira. Kumanda kuja ndi kwakukulu, ndamva kuti pa mitumbira yatsopano sanalembepo kanthu. Muuze munthu mmodzi, aliyense amene mungafune, kuti adzandilozere.

Lole inyamuka Lachisanu. Andipatsa mwezi wathunthu monga analonjezera. Nkhanu ili m'shedi, yakonzeka. Nyumba ili ndi anthu ena, inu muli kwa achimwene anu, mwana ali pamalo amene sindikuwadziwa. Ine ndili ndi chikwama chimodzi ndi masiku makumi atatu.

Bambo ake a Kachiwala